Pepala Limene Ndinapereka kwa Ankhoswe

Azakhali anga, mlongo wawo wa bambo anga, anali ndi ntchito ina imene panalibe anawalemba, yofufuza mitundu ya anthu. Mnyamata akangoyamba kuzungulirazungulira pakhomo la wachibale, iwo ankavala chitenje chatsopano, n'kusenza dengu la nthochi ngati akukagulitsa, ulendo wa kwawo kwa mnyamatayo. Kumeneko ankakhala pamjigo tsiku lathunthu, kucheza ndi amayi otunga madzi. Pobwerera amakhala atadziwa zonse: amene anagwapo khunyu, amene anazungulirapo mutu, amene anamwalira mosamveka bwino, mpaka agogo amene ankaba mbuzi nthawi ya atsamunda. Mwambi wawo unali umodzi, wakuti safunsa anadya phula, ndipo ankaunena ngati anaupeka okha.

Ine anandifufuzira amuna awiri. Woyamba anali dalaivala wa lole, Msilamu wa ku Goliati, munthu waulemu woti akamalankhula nawe umaiwala kuti uli pamsewu. Azakhali anapita, n'kubwerako ndi nkhani yoti amalume ake ankagwa khunyu. Basi, nkhani inathera pomwepo. Wachiwiri anali mphunzitsi wa kumpoto amene anabwera kudzaphunzitsa pasukulu ya pa esiteti ya tiyi. Kwawo kunali kutali, nthochi zikanaolera m'njira, ndiye azakhali anagamula ali pakhonde kuti munthu amene kwawo sikufikika ali ndi chimene akubisa.

Atakana dziko lonse choncho, anapeza mnyamata mmodzi yekha wopanda banga. Mwamwayi wake, mnyamatayo anali mwana wawo.

Musadabwe. Kwathu kuno mtundu timawerengera kuchikazi. Mwana ndi wa mayi ake ndi amalume ake, bambo amangodutsa. Ine ndinali wa mbumba ya amayi anga, iye wa mbumba ya azakhali, ndiye malinga ndi masamu a azakhali, magazi athu anali asanakumanepo paliponse. Zoti bambo anga ndi azakhaliwo anatuluka m'mimba imodzi sizinkalowa m'masamumo. Komanso msuweni kwathu ndi mwamuna wako kuyambira uli wamng'ono, anthu amakuseka nazo ukadali kusewera masanje. Azakhali anangotenga nthabwala ija n'kupita nayo kutchalitchi. Ankati banja ili ndi lotetezeka kuposa onse, chifukwa mtundu wa mnyamata ankaudziwa mpaka kumizu.

Sindinama, ndinamukonda, ndipo mpaka lero ndi amuna anga. Ndi munthu wofatsa, wosadziwa kukangana. Ankagwira kufakitale, kumbali youmitsa tiyi, ndipo akaweruka nyumba yonse inkamveka fungo la tiyi. Anatipatsa nyumba kumalayini a kampani. Ine ndinalowa ntchito kunazale, komwe ndakhala mpaka tsitsi layera. Kumeneko sitibzala tiyi wongotola. Timadula timitengo ku chitsamba chimene mabwana akuchidziwa bwino, kuti chimabereka motani ndipo chimapirira matenda ati, n'kutibzala m'machubu pansi pa shedi. Kamtengo kosadziwika kumene kachokera kapitawo amakazula pamaso pako. Tiyi ankafufuzidwa bwino kuposa mmene anafufuzidwira amuna anga.

Mwana wathu woyamba anali wamwamuna. Asanayambe n'kuyenda komwe, timanja ndi timapazi tinayamba kutupa. Ankalira osatonthozeka, maso ali chikasu. Nyengo ya chiperoni ikafika, nkhungu itaphimba minda yonse ya tiyi ndipo kamvula kakuwazawaza sabata yathunthu, ndiye kunali kuvuta kwenikweni. Atakula pang'ono n'kudziwa kulankhula, ankati mafupa akumuluma. Kuchipatala cha pa esiteti ankati malungo, kenako malungo, kenakonso malungo. Magazi ankamuthera, kumuwonjezera, n'kutheranso.

Azakhali, amene tsopano analinso apongozi anga, sanasowe mayankho. Poyamba anati ndi mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene ankatiyang'ana ndi diso loipa chifukwa tinagula wailesi. Mayiyo atasamuka mwana osachira, anati ndi tsempho, kutanthauza kuti pakati pa ine ndi mwana wawo pali amene sanadzisunge, ndipo poti mwana wawo anali mngelo, munthuyo anali kudziwika. Pomaliza anati matendawa achokera kumtundu wa amayi anga, ndipo anadandaula kuti mtundu umenewo sanaufufuze mokwanira pamene mlongo wawo ankakwatira.

Amene anatiuza zoona anali dokotala wina wachinyamata pachipatala cha boma. Anati ndi sikoselo. Anajambula papepala kuti timve: matendawa mwana amabadwa nawo, ndipo kuti adwale ayenera kulandira mbali imodzi kwa mayi, ina kwa bambo. Munthu wokhala ndi mbali imodzi yokha sadwala, amangoisenza osadziwa. Kenako anafunsa mwaulemu ngati ine ndi amuna anga tinali pachibale. Ndinati ayi, ndi msuweni wanga chabe. Dokotalayo anaika cholembera pansi, n'kundiyang'ana kwa kanthawi. Titakafotokoza kunyumba, azakhali anafunsa funso limodzi lokha, lakuti dokotala ameneyo kwawo n'kuti.

Mwanayo anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mu Julaye. Pamenepa ndilibe nthabwala. Zinandipweteka ndipo zimandipwetekabe, ndipo chiperoni chikayamba ndimadana ndi dziko lonse. Ndinakwiyira azakhali, ndinakwiyira bambo anga amene anali atagona kale kumanda, ndinadzikwiyira ndekha chifukwa cha yankho lija lakuti msuweni chabe. Ndinalumbira mumtima kuti mwana wanga wina aliyense sadzakwatiwa ndi nkhani za pamjigo.

Wachiwiri, amenenso ndi womaliza, ndi wamkazi. Ameneyu anakula ngati chinangwa, osadwaladwala, wamakani ngati ine. Anaphunzira, n'kukhala mphunzitsi pasukulu ina kufupi ndi Khonjeni. Loweruka lililonse ankakwera kabaza kubwera kudzationa. Chaka china maulendo aja anayamba kuchuluka, ndipo kabaza uja anasanduka njinga yamoto ya kampani. Woyendetsa anali mnyamata wa ku Dowa, wothandizira manijala wa kumunda pa esiteti yathu yomweyi, wophunzira za ulimi mpaka kukoleji. Ankabwera kunazale kudzationetsa ntchito, atavala magambuti oyera kuposa mbale zanga. Kwa ine anali bwana m'mawa, madzulo n'kumagwada pakhomo panga. Ndinamukonda mnyamatayo, ndipo mwana wanga ankati akamutchula nkhope yonse inkawala.

Azakhali panthawiyi miyendo inali itakana, koma ntchito sanapume. Anafufuza pafoni. Anaimbira mayi wina wa kumvano amene mng'ono wake anakwatiwa cha ku Dowa komweko, ndipo pasanathe tsiku lipoti linatuluka: mtundu wabwino, opemphera, nyumba ya malata, palibe wopenga. Anandiitanitsa kuti andiuze kuti ukwati ukhoza kuchitika. Ndinawathokoza kwambiri, n'kuwauza kuti ulendo uno tikafunsanso magazi.

Mwana wanga atamva anaseka, amvekere amayi musadandaule, tinayezetsa kale tonse awiri ndipo tili bwinobwino. Ndinamuuza kuti sindikunena kuyezetsa kumeneko. Ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera za mlongo wake, amene iye ankangomukumbukira pang'ono, ndi zimene dokotala uja anajambula. Ndinati iwe ukhoza kukhala kuti unasenza mbali imodzi, ndipo ngati mnzakoyo anasenzanso, pa mimba iliyonse pali mwayi umodzi mwa inayi woti mwana adzadwale. Ndinati ine ndinakwirira kale mmodzi, sindikufuna iwe udzadziwe kulemera kwa kabokosi kakang'ono. Anasiya kuseka. Mnyamata uja atauzidwa sanavute n'komwe. Anati amayi mwaganiza bwino, zimenezi tinaphunzira kukoleji. Amuna anga anangotuluka kukaona nkhuku.

Tinakwera minibasi tonse atatu kupita ku Blantyre, kumalo ena oyezera magazi. Anawatenga magazi pamkono, n'kutiuza tsiku lodzabweranso. Masiku odikira amenewo ndinabzala timitengo tambiri chozondoka, mpaka kapitawo anandifunsa ngati ndayamba kumwa.

Tsiku la zotsatira, mayi wa pamalopo anatilowetsa m'kachipinda. Anati mtsikanayu ali ndi mbali imodzi, monga ndinkaopera, koma sakudwala ndipo matendawa sadzamugwira. Mnyamatayu alibe mbali iliyonse. Choncho ana awo sangadwale sikoselo. Ena akhoza kudzasenza mbali imodzi ngati mayi wawo, koma kudwala ayi. Ndinamupempha abwereze, anabwereza. Ndinalira pomwepo pamaso pa mkamwini, manyazi onse atathawa. Ndinali ndisanakondwepo choncho chimwalirireni mwana wanga uja.

Potuluka, mayiyo anapereka pepala kwa aliyense mu envelopu yakeyake, n'kunena kuti zimenezi ndi za eni ake awiriwa, wina aliyense sizikumukhudza pokhapokha iwo atafuna. Ndinamva mawuwo monga timamvera zolengeza za kutchalitchi. Mu minibasi ndinauza ana aja kuti andipatse mapepalawo ndiwasungire, poti achinyamata amataya zinthu. Anandipatsa. Ndinawaika m'chikwama, pamodzi ndi buku la nyimbo.

Tsopano apa ndi pamene nzeru zanga zinaonekera. Kwathu ukwati ndi wa ankhoswe. Kuchikazi kumakhala nkhoswe, kuchimuna nkhoswe, ndipo lamulo lake n'lakuti kwa ankhoswe subisa kanthu, kuti mawa banja likagwedezeka wina asadzati munatibisira. Ndinakula ndikumva zimenezo. Koma ndisadzinamize kuti unali mwambo wokha. Ndinkafunanso kuti anthu aone. Ndinkafuna azakhali amve kuti kufufuza kwenikweni ndi uku, kwa pepala ndi chidindo, osati kwa dengu la nthochi. Zaka zonse zija ndinasenza mlandu wa imfa ya mwana wanga, ndipo tsopano ndinali ndi umboni m'chikwama woti ine ndi amene ndapulumutsa mbumba.

Ankhoswe a kuchimuna anabwera Loweruka lina kudzapangana tsiku la chinkhoswe. Wamkulu wawo anali amalume ake a mnyamatayo, bambo wopuma pantchito ya boma, wa jekete ndi magalasi. Kwathu nkhoswe anali mlongo wanga. Tinapha nkhuku ziwiri. Azakhali anawanyamula n'kuwakhazika pampando pakhonde kuti asaphonye kanthu. Zokambirana zinayenda bwino kwambiri, tsiku linapezeka, anthu anayamba kuseka. Panalibe amene anafunsa za magazi. Nkhani inali itatha, kunangotsala kusamba m'manja.

Pamenepo ine, amene malo anga anali kukhitchini, ndinatulukira ndi maenvelopu awiri, n'kugwada pafupi ndi mlongo wanga. Ndinamunong'oneza kuti apereke kwa anzake, aone kuti kuno sitichita zinthu mwachimbulimbuli. Mlongo wanga sanadziwe n'komwe zimene zinali m'katimo. Anangopereka.

Bambo aja anapukuta magalasi, n'kuwerenga pepala la mphwawo. Anagwedeza mutu mokhutira. Anatenga la mwana wanga, n'kuliwerenga nthawi yaitali kuposa loyamba lija. Kenako anaika mapepala awiriwo pamodzi, n'kuona kuti sakufanana.

"Ndiye kuti mtsikanayu ali nako kanthu?" anafunsa.

Ndikanayankha kuti ayi, ali bwinobwino, n'kubwerera kukhitchini. Koma ine ndine mphunzitsi wosalembedwa. Ndinayamba kufotokoza za mbali imodzi ndi mbali ziwiri, mpaka kujambula pansi ndi chala. Pofuna kuti amvetse kufunika kwake, ndinawauzanso za mwana wanga woyamba, kutupa kwa manja, kutha kwa magazi, ndi maliro a mu Julaye. Ndinkaona ngati ndikuwaonetsa dzenje limene ana athu alizemba. Iwo anamva zinthu ziwiri zokha, zoti m'nyumba muno munatuluka maliro a mwana, ndi zoti chimene chinamupha chili m'magazi a mkwatibwi.

Anapinda mapepala aja bwinobwino n'kubweza. Anathokoza chifukwa cha chilungamo chathu, amvekere mabanja a masiku ano akanakhala otere dziko likanapita patsogolo. Nkhuku anadya mpaka mafupa. Anatsanzika mwaulemu kwambiri, ndipo ine ndinawaperekeza mpaka pamsewu ndikumwetulira ngati ndapambana chisankho.

Patatha masabata awiri mlongo wanga analandira foni yoti akuchimuna akufuna kaye aganize. Patatha mwezi kuganiza kuja kunabala yankho. Mayi ake a mnyamatayo anati iwo sanalere mwana ndi kumuphunzitsa kuti azikawakumbira timanda. Mlongo wanga anayesa kufotokoza kuti pepala likunena zosiyana ndi zimenezo, koma anamuyankha kuti pepala ndi pepala, matenda a kumtundu sasankha. Ndinapempha kuti ndikwere basi ndikalankhule nawo ndekha. Akuchimunawo anati ndisavutike, ndalankhula kale mokwanira.

Mnyamata uja analimbana nawo, ndisamunamizire. Anapita kwawo kawiri. Ankabwera kunazale maso ali ofiira, osandiyang'ana. Iye ankamvetsa zonse, kuposa ine amene, poti anaziphunzira kukoleji ndipo anamva yekha m'kachipinda muja. Koma kumvetsa ndi kwina, kuyankha mayi ako ndi kwina. Pofika nyengo yodulira tiyi anali atapempha kuti amusamutsire ku esiteti ina. Anatsanzika mwana wanga pafoni. Njinga yamoto ija anaipatsa wina, ndipo kwa miyezi ingapo ikadutsa pamsewu ndinkatembenukabe.

Kumalayini nkhani siyenda, imathamanga. Pofika kumpopi inali itasanduka yoti mwana wa mayi wa kunazale amupeza ndi matenda a magazi, ndipo mukudziwa chimene anthu amamva akamva choncho. Amayi amene ndathyola nawo nkhuni zaka makumi awiri ankandipatsa moni wachisoni, wa mutu wopendekeka. Wina anandibweretsera mankhwala a zitsamba m'botolo kuti ndikamupatse. Ndinayamba kufotokozanso za mbali imodzi ndi mbali ziwiri pampopi pomwepo, kenako ndinadzimva ndekha n'kutseka pakamwa. Walira mvula walira matope.

Azakhali sanandinyoze nthawi yomweyo, anadikira kuti chilonda chifike poti mchere ungalowe bwino. Tsiku lina ndikuwapatsa phala anati iwo pa zaka zawo zonse za ntchito sanalakwitsepo chotere.

"Kufufuza timafufuza kwa eni, mwana wanga. Zakwanu sutengera alendo m'mbale."

Ndinafuna kuwakumbutsa kumene kufufuza kwawo kunatifikitsa, ndipo mawu ake ndinali nawo okonzeka kuyambira kalekale. Koma chimene chinandiwawa n'chakuti pa kanthu kamodzi aka, mayi amene analakwitsa zonse m'moyo wanga ananena zoona. Ndinawapukuta pakamwa n'kutuluka.

Mwana wanga anasiya kubwera. Loweruka linadutsa, lina linadutsa, mpaka ndinasiya kuwerenga. Foni ankayankha, koma mwa mawu awiri atatu, ali bwino, ntchito yachuluka. Bambo ake anapita kukamuona kusukulu kuja, n'kubwerako ndi lipoti lakuti waonda koma akuphunzitsa. Sanandidzudzule amuna anga. Ndikanakonda akanandikalipira, koma iwo anangopitiriza kuona nkhuku zawo. Ndinkaopa kuti mwana mmodzi ndinataya chifukwa chosadziwa, ndipo winayu ndamutaya chifukwa chodziwa n'kulephera kukhala chete.

Anatulukira nthawi ya nandolo, Loweruka masana, pa kabaza. Anandipeza pakhonde ndikusenda nandolo wamuwisi. Anapereka moni monga mwa nthawi zonse, analowa kukalonjera anganga ake, azakhali aja, kenako anabwera kudzakhala pamkeka n'kukoka lichero kuti tithandizane. Tinayamba kusenda. Ine, amene pakamwa sipanandisowepo mawu, ndinali kuyembekezera ngati mwana wolakwa.

"Amayi, ndiuzeni chinthu chimodzi," anatero osadzutsa mutu. "Mukanapanda kutulutsa mapepala aja, ana anga akanadwala?"

"Ayi," ndinayankha. "Sakanadwala."

Anagwedeza mutu, n'kupitiriza kusenda. Ndinayamba kupepesa, koma anandidula modekha. Anati kuyezetsa kuja sakudandaula nako, ndipo ndi bwino kuti akudziwa chimene anasenza. Kenako anapempha envelopu yake. Ndinalowa m'nyumba, n'kuitulutsa m'chikwama, n'kumupatsa ndi manja awiri. Anaiika m'thumba la diresi.

"Wina akadzabwera, ku Blantyre ndidzapita naye ndekha," anatero. "Inu mudzamva tsiku la ukwati likadzadziwika, pamodzi ndi anthu ena onse."

Ndinati chabwino.